Pini Yapansi ya Khola la Hatchi

Ndinadzuka kusanache, mphepo yakum'mawa itayamba kale kumenya malata a shedi. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira khoma la galaja maso ali pululu. Amuna tinachezera m'galajamo ndi kuseri kwa nyumba pa mipando ya pulasitiki, amayi ali m'nyumba pa matilesi pamodzi ndi alamu anga. Nyimbo zinaleka msanga. Kuno ku Maddington, dera la mumzinda wa Perth, sungaimbe mpaka mbandakucha ngati kwathu ku Mponela. Oyandikana nawo anatipirira mpaka nthawi yogona, kenako amayi ankangoimba chapansipansi, zitseko zili zotseka.

Tsiku limenelo tinkaika achimwene anga, a Lameki. Kuno ku Perth wamagazi awo ndinali ine ndekha, kupatula mwana wawo wamkazi, Tadala, choncho mawu a kubanja anali anga. Amene anakhalapo pa maliro a kwathu akudziwa kuti bokosi lisanatsike, wachibale amaimirira n'kufotokozera anthu mmene imfa inayendera, kuchokera pomwe zinayambira mpaka pomwe munthu anatsirizikira. Pamenepo sabisa kanthu. Ndiye ine ndinali ndi chinthu chimodzi chimene ndinali ndisanauze munthu aliyense, ndipo ndinatsala ndi maola ochepa oti ndisankhe kuchinena kapena kuchimeza.

Achimwene anali mmisiri wowotcherera zitsulo. Kwathu ankapanga mageti ndi zitsulo za m'mawindo. Atabwera kuno kutsatira alamu, amene ndi namwino kuchipatala cha ku Murdoch, anapeza ntchito imene sitinkadziwa n'komwe kuti ilipo padziko: kupanga makola a mahatchi onyamulika. Azungu a kuno kumapeto kwa sabata amasonkhana kwinakwake ndi mahatchi awo, ena kukapikisana kudumpha, ena kukangoonetsa, ndipo hatchi iliyonse imafuna khola lake la masiku awiri. Kholalo limamangidwa ndi mapanelo, zigawo zazitsulo zonga mageti, zimene umatsitsa pa trela n'kuzilumikiza pakona ndi mapini awiri, ina pamwamba ina pansi. Patapita zaka achimwene anakhala ndi mapanelo awoawo obwereketsa, ine n'kumawathandiza ndikaweruka ku Kewdale kumene ndimakweza katundu m'malole.

Abale inu, munthu uja anali wovuta pa ntchito yake! Anali ndi kathabwa kamene anasema molingana ndi chiboda cha hatchi, ndipo panelo iliyonse ankaiyesa nako. Kathabwa kakalowa pakati pa zitsulo n'kukana kutuluka, panelo imeneyo inkabwerera ku shedi, ngakhale ikhale yatsopano chotani. Ankavala sokosi yakale ya alamu kudzanja n'kumasisita powotcherera paliponse. Sokosi ikakodwa, ndiye kuti pali kachitsulo kakuthwa kamene kangacheke khungu la hatchi. Mapaipi opepuka, amene ine ndinkawakonda chifukwa sapweteka msana, iwo ankawatcha mabango. Ankafuna chitsulo cholemera, chosagwira dzimbiri, chotalika kuwafika pachibwano. Tikamaliza kumanga ankayenda kona ndi kona, kugwira ndi manja awiri n'kugwedeza ngati akulimbana ndi wakuba. Ndinkawaseka. Ndinkati, achimwene, hatchiyo ikubwera kudzagona kapena kudzakwatira? Iwo ankangoti hatchi si mbuzi.

Lachisanu lina, masabata atatu tisanawaike, tinapita kukamanga makola ku katauni kena kuseri kwa mapiri. Kunkatentha koopsa, ntchentche zili ng'waa kumaso. Mzere womaliza anandisiyira ine. Nditafika pa khola lakumapeto ndinapeza kuti mapini atha, yatsala imodzi. Ena tinawaiwala m'ndowa ku shedi, ulendo wa ola lathunthu. Ndinadziwa kuti ndikanena, munthu uja adzanditumiza kukatenga, ndipo ine ndinkafunika kukalowa ntchito madzulo omwewo. Ndinaika pini ija pamwamba. Pansi ndinamanga ndi waya amene ndinamupeza m'galimoto, kuzunguliza katatu n'kupotokola ndi pulayala, monga mmene bambo athu ankamangira khola la mbuzi. Kwathu waya amamanga chilichonse, kaya ndi chitseko, kaya ndi njinga, ndipo ndinaona kuti zalimba. Achimwene akubwera kuti adzagwedeze, ndinawakuwira ndili patali kuti uku ndamaliza, zonse zili bwino, tiyeni tizipita. Anandiyang'ana, anapukuta thukuta, n'kubwerera ku galimoto. Linali tsiku lawo loyamba kusiya mzere osaugwedeza.

M'mawa mwake, titabwererako, mphepo inaulutsa pepala lalikulu la pulasitiki n'kuligwetsera m'khola lomwe lija. Hatchi inadzidzimuka, inamenya panelo ndi miyendo yakumbuyo, waya n'kuduka. Panelo inatseguka cham'munsi, mwendo wa hatchi unalowa pampatapo n'kupanika. Achimwene anathamanga kukakweza chitsulo kuti aiwombole. Mwendo unatuluka, koma potuluka unawapeza pachifuwa. Ndinali pomwepo, ndowa ya madzi ili m'manja. Anatisiya ali m'ambulansi.

Anthu akugwetsa mapanelo kuti ambulansi ifike pafupi, ndinamuona waya uja ali pansi, ndipo ndinamukwirira ndi phazi mumchenga. Inde, ndinatero ine. A boma atafufuza anauza alamu kuti pakona panalibe pini yapansi. Atandifunsa amene anamanga mzerewo, ndinati tinkagwira limodzi, sindikukumbuka. Kuyambira pamenepo aliyense ankadziwa kuti a Lameki anaiwala pini.

Kutayamba kuyera, amayi anatuluka kukayatsa mbaula za gasi kuseri kwa khitchini. Nkhuni zinali zoletsedwa, chifukwa nyengo imeneyo tchire limakhala louma ndipo boma silifuna kuona utsi panja. Mayi wina wa ku Zambia, amene anabwera ali chivalire yunifolomu ya kuchipatala chitenje chili pamwamba, ndiye ankalamulira mapoto. Mphepo inkazimitsa moto, iwo n'kumatchinga ndi makatoni akudandaula. Tiyi anayamba kuyenda m'makapu a pepala.

Ndinapita kuseri kukaona pamene anthu adzakhale. Dzulo lake amuna a mpingo anali atatulutsa mapanelo a achimwene mu shedi, n'kuwaimika pabwalo kuti amangirirepo lona wa mthunzi. Anachita bwino, maliro n'kulirana. Koma nditayandikira ndinaona kuti makona onse anawamanga ndi waya. Mapini sanawapeze, ndiye anangochita zimene aliyense wa kwathu angachite. Mphepo inkakankha lona, mapanelo akugwedera uku ndi uku, pansi pake pali mipando imene pakhale ana.

Ndinakalipa, ine amene sindikalipira munthu. Ndinafunsa kuti wamanga zopusazi ndani, kodi mukufuna maliro ena pabwalo lomweli? Bambo wina wachikulire, amene anachezera nafe usiku wonse, anandigwira paphewa n'kunena kuti pepani achimwene, mtima pansi, sitinadziwe. Ndinalowa mu shedi, ndinapeza ndowa ya mapini ili pamalo pomwe tinaisiya Lachisanu lija, kuseri kwa chitseko. Ndinamasula waya yense ndekha n'kulowetsa mapini, kenako ndinagwedeza kona iliyonse. Anthu ankandiyang'ana mwachisoni. Ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti taonani mmene akutsatira mapazi a mkulu wake. Kalanga ine, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Dzuwa litakwera pang'ono anthu anayamba kufika. Magalimoto anadzaza msewu wonse mpaka pa kona, ena kukwera pa kapinga wa eniake. Anabwera anamwino ochokera ku ntchito ya usiku maso ali psuu, ophunzira a ku yunivesite amene anayenda pa sitima ndi basi atavala masuti obwereka, mabanja ochokera kutali kumpoto kwa mzinda, ana awo akulankhula Chingerezi cha m'mphuno. Amayi ankayamba kulira akangotsika galimoto, n'kulowa m'nyumba chogwada. Amuna ankabwera kwa ine, kundigwira dzanja ndi manja awiri, n'kukhala pansi osanena zambiri.

Kenako kunafika anthu amene sitinkawayembekezera: eni mahatchi. Anabwera ndi magalimoto aakulu afumbi, atavala majombo ndi zipewa zazikulu, ambiri a iwo amayi. Anaima pageti osadziwa kolowera, maluwa ali m'manja. Mmodzi wa amayi athu anawatenga n'kuwakhazika pansi pa lona, wina n'kuwamangirira zitenje pamwamba pa mathalauza. Sanakane. Pakati pawo ndinazindikira mayi wamtali wa imvi, mwini wa hatchi ija. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

Galimoto ya maliro inafika nthawi yake yeniyeni, chifukwa kuno ngakhale womwalira amayendera wotchi. Tinalowetsa bokosi m'chipinda chochezera kuti anthu aone nkhope. Masabata atatu ndi ambiri. Kwathu tikanawaika tsiku lachitatu, koma kuno thupi linayamba ladikira madokotala a boma. Nkhope inali yawo ndithu, koma yosalala kwambiri, yopanda makwinya aja a pamphumi amene ankaoneka akamayesa chitsulo. Alamu anayang'ana nthawi yaitali osalira. Tadala, wa zaka khumi ndi ziwiri, anandigwira dzanja. Ndinamufunsa ngati wadya kanthu, anandiyankha m'Chingerezi kuti alibe njala. Dzanja lake linali lozizira, ndipo sanalisiye langa mpaka tinatuluka.

Mapemphero anachitikira m'holo imene mpingo wathu umasonkhanamo. Za ulaliki sindikukumbuka kanthu. Ndinkangoyeseza mawu mumtima. Ndinkati ndinena chonchi: waya uja ndinamanga ndine. Mawu anayi okha. Ndinawabwereza mpaka anasanduka ngati nyimbo, ndipo potuluka m'holomo ndinali nditatsimikiza kuti ndinena.

Ulendo wa kumanda unali wa magalimoto, nyali zili zoyaka masana. Panalibe woyenda pansi, panalibe woimba, panalibe masamba oika pamsewu kuti odutsa adziwe. Maloboti ankadula mzere wathu, malole a katundu n'kumalowerera pakati. Pa mphambano ina bambo wina wokonza msewu anavula chipewa chake ife tikudutsa, ndipo kanthu kakang'ono kameneko kanandiliza kuposa nyimbo zonse za m'mawa. Ndinakwera ndi alamu ndi Tadala.

Manda a kuno ali ngati munda wa maluwa, kapinga wodulidwa bwino, mitengo ya bulugamu m'mbali. Dzenje anakumba ndi makina, ndipo mchenga wotuluka anauphimba ndi nsalu yobiriwira kuti tisauone. Adzukulu kunalibe, kunali anyamata awiri a yunifolomu ataima patali. Kunkatentha moti amayi ankadziphimba kumutu ndi zitenje. Wophunzira wina anakweza foni m'mwamba kuti a kumudzi aone. Ku Mponela kunali kukungocha. Pa kagalasi ka foniyo ndinaona anthu atakhala pakhonde la kwathu, pakati pawo mayi athu otibereka, atafunda bulangete.

Asanandiitane, mayi wa imvi uja anapempha kuti anenepo mawu, ndipo abusa analola. Analankhula m'Chingerezi. Anati wakhala ndi mahatchi moyo wake wonse ndipo sanaonepo munthu wosamala makola ngati a Lameki. Anati tsiku lina anagula mapanelo ake otchipa n'kuwapempha kuti akamumangire, iwo anakana, n'kumuonetsa ndi kathabwa kaja mmene mwendo wa hatchi ungathyokere pamenepo. Anati hatchi yake ili moyo, ikuyenda, chifukwa munthu uyu sanadziganizire yekha. Pomaliza anati ngakhale wosamala chotani tsiku lina amaphonya, ndipo iye alibe nawo chifukwa. Anthu anavomera ndi mitu.

Kenako abusa anati, wa kubanja.

Ndinaimirira kumutu kwa bokosi. Ndinayamba bwino. Ndinathokoza mpingo, ndinathokoza onse obwera, ndinatchula kumene achimwene anabadwira ndi mmene anafikira kuno. Ndinafotokoza za Lachisanu lija, kutentha kwake, makola amene tinamanga. Ndinafotokoza za mphepo, za pepala la pulasitiki, za hatchi. Nditafika pa kona ija ndinakweza maso. Alamu ankandiyang'ana. Tadala ankandiyang'ana. Pa foni paja mayi anali atayandikira, nkhope yawo itadzaza kagalasi konse, akutchera khutu. Ndinaganiza kuti mayi awa ataya mwana mmodzi, kodi ndiwatayitse wachiwiri m'mawa womwewu? Ndi mmene ndinadzinamizira. Zoona zake n'zakuti ndinachita mantha, basi.

Ndinati, "Pakona ina panasowa pini. Abale, tsoka silinunkha."

Anthu anati eee, zoona. Ndinakhala pansi. Lamba wa makina anayamba kutsitsa bokosi pang'onopang'ono, amayi anayamba nyimbo, kulira kwa pa foni kukumveka modukaduka. Anatipatsa mchenga m'kambale kuti tiponye. Alamu anatapa, anaponya mwamphamvu, n'kutembenuka nthawi yomweyo osadikira woti awagwire. Ine wanga unandimata m'manja chifukwa cha thukuta. Kukwirira sitinakwirire, anati makina adzachita tikachoka. Tinasiya nkhata m'mbali mwa dzenje lotseguka n'kubwerera ku magalimoto.

Kunyumba anthu anadya mpunga ndi nkhuku pansi pa lona. Chakumasana mphepo inatembenuka, inayamba kuchokera kunyanja, ndipo kunazizirirako. Anthu anamasuka, ena anayamba kukambirana za ntchito ndi za mavisa, ana akuthamangitsana pakati pa magalimoto. Ambiri anabwera kudzandiyamikira kuti ndalankhula mwaulemu. Ndikudutsa kuseri kwa lona ndinamva bambo wina akuuza anzake, pakamwa pali fupa, kuti mwaonatu, ukatswiri wonse uja koma kapini kamodzi. Anzakewo anapukusa mitu. Ndinapitirira ngati sindinamve, mbale zili m'manja.

Dzuwa likupendeka anthu anayamba kutsanzika, chifukwa ambiri mawa lake ankalawirira ku ntchito. Amayi anatsuka mapoto, amuna anapinda lona n'kubwezera mapanelo mu shedi. Magalimoto anachoka imodzi imodzi mpaka msewu unabwerera mwakale. Anatsala amayi awiri achikulire oti agone ndi alamu, koma nthawi imeneyo anali kukhitchini akulongedza zotsala mu filiji. Tadala anali atadzitsekera kuchipinda kwake.

Ndinalowa kuti nditsanzike. M'chipinda chochezera munalibe mipando, inali ikadali m'galaja. Alamu anakhala pa matilesi atatsamira khoma, miyendo atatambasula, duku lakuda lili kumutu. Ndinakhala pansi chapafupi ndi chitseko.

"Mwagwira ntchito, alamu," anatero. "Mulungu akudalitseni."

Ndinati palibe chimene ndachita.

"Ine ndiye ndikulephera," anatero, akuyang'ana manja awo. "Ndikati ndilire, mkwiyo ukubwera. Munthu wotisowetsa mtendere tonse ndi mapini ake, wondithera masokosi m'nyumba muno, iye mwini n'kukaiwala pini? N'kundisiyira mwana kudziko la eni chifukwa cha pini? Masabata atatu onsewa ndakhala ndikuwakalipira mumtima. Ngakhale pa bokosi paja ndimawakalipira."

Pamenepo mawu aja anatuluka okha, opanda ulemu uliwonse umene ndinawakonzera.

"Alamu, amene analakwa si iwo. Mzere umene uja ndinamanga ndine. Mapini anatha, ndinamanga ndi waya, ndipo ndinawauza kuti zonse zili bwino. Ankabwera kudzagwedeza, ndinawabweza ndine."

Sanakuwe. Sanandiyang'ane n'komwe. Kukhitchini mbale zinasiya kulira. Ndinapitiriza, ndinanena za mchenga ndi phazi langa, ndinanena zimene ndinauza a boma, ndinati mawa ndipita ndekha kukakonza mawu anga. Ndinati andichite chimene akufuna. Ndinalankhula zambiri, chifukwa ndinkaopa kuti ndikasiya ayamba iwo.

Nditatha anafunsa chapansipansi. "Ndiye kumanda kuja munaima kumutu kwawo, anthu onse aja akumva, amayi anu akumva, n'kuwasiya atsike ndi mlandu wanu?"



"Mukanandiuza dzulo, alamu," anatero. "Ngakhale m'galimoto muja mukanandiuza. Za inu tidzaona mawa, sindikudziwa. Koma ine ndaponya dothi pa amuna anga ndili wokwiya nawo, ndipo dothi saponya kawiri."

Anagona chammbali kuyang'ana kukhoma, n'kukokera chitenje kumutu. Patapita kanthawi mapewa awo anayamba kugwedezeka, kenako kulira kunatuluka, kulira kwenikweni kumene tinakudikira tsiku lonse, akuitana dzina la achimwene ndi kuwapepesa. Amayi awiri aja anatuluka kukhitchini, anandidutsa osandiyang'ana, n'kukhala pambali pawo. Palibe amene anandiuza kuti ndichoke, palibenso amene anandiuza kuti ndikhale.

Ndinatuluka n'kukhala pa sitepe ya khomo lakumaso. Kunja kunali kusanade kwenikweni. Woyandikana nawo ankathirira kapinga wake pamene matayala a anthu athu anaponda. Kulira kuja kunapitirira, kenako kunachepa, kenako kunatha, m'nyumba monse munangoti zii. Ndinakhalabe pomwepo, makiyi a galimoto ali m'manja, mpaka wina m'katimo anatseka chitseko kumbuyo kwanga.